Zithunzi zanga za mapiri zikutuluka zotuwa: kodi ndigule lenzi ina?

Wowerenga wina wa ku Chelstone, mu Lusaka, wafunsa motere: "Ndinagula kamera ya Canon yogwiritsidwapo kale ntchito, yokhala ndi lenzi ya 18-55mm. Mu Seputembala ndinapita ku Munali Hills ndi kumtsinje wa Kafue, ndipo ndinajambula kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 14 koloko. Ndi maso malowo anali okongola, koma pazithunzi thambo ndi loyera mbee, mapiri ndi otuwa. Ndikazikonza pafoni mitundu imaoneka yabodza. Anzanga akuti ndigule lenzi yotambalala (wide angle) ndi kuyamba kulipira Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi. Ndiyambire pati?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Lenzi muli nayoyo ikhoza kukutumikirani chaka chino ndi chamawa osadandaula, ndipo pa 18mm ndi yotambalala kale. Chimene chinakusokonezani ndi mwezi umene munapita ndi ola limene munatulutsa kamera m'chikwama. Ngakhale katswiri wonyamula kamera ya mtengo wa galimoto akanaima pambali panu tsiku limenelo masana, akanabwera ndi zotuwa zomwezo.

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa, tchire limakhala likupsa, kuno kwathu komanso ku Angola, ku Congo ndi ku Mozambique. Utsi umenewo, pamodzi ndi fumbi la mphepo ya mu Ogasiti, umangokhala mumlengalenga poti palibe mvula youtsitsa. Kuwala kwa dzuwa kukagunda tinthu timeneti kumamwazika paliponse, ndipo chinthu chikakhala kutali ndiye kuti pakati pa icho ndi inu pali utsi wochuluka. N'chifukwa chake mtengo uli pafupi umaoneka bwino, phiri loyamba limatuwa, ndipo lachitatu limangosungunukira m'thambo. Inu mutaima pa Munali simunazione choncho chifukwa ubongo umakonza zimene diso laona: umadziwa kuti phiri ndi lobiriwira kapena lofiirira, ndiye umawonjezera wokha. Kamera ilibe chifundo chotero. Imalemba zimene zafika pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwake, basi.

Onjezanipo ola. Lusaka ili pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa equator, choncho masana dzuwa limakwera pamwamba kwambiri. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale limafika paliwombo penipeni. Kuwala kochokera pamwamba kumabisa mithunzi pansi pa mitengo ndi pansi pa miyala, pamene mthunzi ndiwo umauza diso kuti apa ndi pokwera, apa ndi potsika. Phiri lopanda mithunzi pachithunzi limaoneka lophwatalala. Dzuwa likakhala m'munsi, kuwala kumabwera chopingasa, chulu chilichonse ndi mtsetse uliwonse zimaponya mthunzi wautali, ndipo malo omwewo amadzuka.

Vuto lathu ndi lakuti nthawi yabwinoyo ndi yaifupi. Amene amalemba za kujambula ali ku Ulaya amakamba za ola lathunthu la kuwala kofewa, chifukwa kwawoko dzuwa limatuluka ndi kulowa mopendekeka. Kuno limakwera pafupifupi molunjika, ndipo pakangotha ola limodzi litatuluka limakhala lakwera madigiri pafupifupi 14. Kuwala kofiirirako mumakhala nako mphindi 30 kapena 40. Likalowa, kachisisira kamatha m'mphindi zongopitirira 20. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limatuluka cha m'ma 06:30 n'kulowa cha m'ma 17:45. Chakumapeto kwa Novembala limatuluka isanakwane 05:30. Mu Januwale limalowa cha m'ma 18:40. Ngati mukufuna kujambula m'bandakucha ku Kafue, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera m'tauni, muyenera kukhala mutaima kale pamalo anu, tripod (chamiyendo itatu choikapo kamera) itakhazikika, theka la ola dzuwa lisanatuluke. Wofika dzuwa litatuluka wabwera kudzaona zotsala. Kumbukiraninso kuti dzuwa silitulukira malo amodzi chaka chonse: mu Juni limatulukira chakumpoto kwa kum'mawa, mu Disembala chakumwera. Phiri limene linawala bwino mu Juni likhoza kukhala mumthunzi mu Disembala.

Tsono kalendala ya wojambula malo kuno imayenda chonchi. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, mpweya umatsukika tsiku limodzi lokha, ndipo mapiri amene anasowa miyezi itatu amabwerera. Dzinja lonse thambo ndilo chuma chanu: mitambo ikuluikulu imene imaunjikana masana, mvula ikugwa mbali imodzi dzuwa likuwala mbali ina. Anthu ambiri amabisa kamera nthawi imeneyi poopa kunyowa, pamene pepala la pulasitiki ndi kansalu kopukutira n'zokwanira. Mphezi zokha musachite nazo masewera. Mukamva bingu pafupi, chokani pamtunda ndi tripod yanu yachitsuloyo. Kwa ine miyezi yoposa yonse ndi Malichi, Epulo ndi Meyi: udzu ukadali wobiriwira kapena wayamba kumene kuuma, madambo ali ndi madzi, ndipo mpweya uli mbee. Mu Juni ndi Julayi, m'mawa kukazizira, nkhungu imagona pamtsinje wa Kafue ndi m'madambo, n'kuchoka dzuwa likangotentha pang'ono.

Ngakhale miyezi ya utsiyo si yotaya. Chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala mitengo ya m'nkhalango za miombo imaphuka masamba atsopano ofiira, ena ngati mkuwa, mvula isanagwe n'komwe. Jambulani zimenezo chapafupi, thambo osalilowetsamo. M'tauni jacaranda amachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, kenako flamboyant amafiira. Ndipo utsi womwewo umene unakuonongerani masana umapereka mphatso madzulo: mukayang'ana kumene dzuwa likulowera, mapiri amasanjikana, lapafupi lakuda, lotsatira lotuwirako, lakutali loyezuka, ndipo dzuwa limasanduka mpira wofiira lisanafike n'komwe pansi. Chithunzi chimenecho chimafuna 55mm, osati 18mm.

Apa ndiye pamene ndikutsutsana ndi anzanu aja. Lusaka ili pachitunda chathyathyathya, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja. Tilibe mapiri aataliatali otizungulira. Lenzi ya wide angle imakankhira kutali chilichonse chimene chili kutali kale, choncho kaphiri ka ku Munali kamene kanakusangalatsani kadzasanduka kamzere kakang'ono pakati pa thambo lopanda kanthu ndi udzu wopanda kanthu. Lenzi yotambalala imagwira ntchito pokhapokha pali chinthu champhamvu pafupi penipeni ndi inu, mita imodzi kapena awiri: mwala wa ndere, bwato la msodzi lokocheza, chitsa, mapazi a ng'ombe m'matope. Ophunzira ambiri amaima chilili, kamera pamaso, n'kuyesa kulowetsa zonse zimene akuona. Musanadine batani dzifunseni kuti chimene chakuimitsani pamalopo n'chiyani. Ngati ndi mlambe umodzi wa m'chigwa cha ku Chirundu, chithunzicho n'cha mlambewo, ndipo china chilichonse chimene sichikuuthandiza chichoke: sunthani mapazi, gwadani, kapena kokerani lenzi ku 55mm. Thambo likakhala loyera lopanda mitambo, lipatseni kachigawo kakang'ono pamwamba kapena lichotseni. Likakhala la mu Januwale, lipatseni magawo awiri mwa atatu.

Kokaphunzirira sikusowa. Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015 kumwera chakum'mawa kwa mzinda, ili pafupi; msewu wa Leopards Hill ukapitirira nyumba umalowa m'timapiri; Great East Road ikadutsa Chongwe ndi Rufunsa imayamba kukhotakhota m'mapiri mpaka ku Luangwa; msewu wotsikira ku Chirundu ndi ku Siavonga uli ndi zigwa zakuya; ndipo ku Blue Lagoon ndi ku Lochinvar, pa Kafue Flats, dziko ndi lathyathyathya moti thambo ndi madzi ndizo chithunzi chonse. Koma malangizo anga ndi akuti musankhe malo amodzi amene mungafikeko msanga kuchokera ku Chelstone, ngakhale dambo wamba lokhala ndi mtengo umodzi, n'kumabwererako mwezi ndi mwezi. Ku mathithi a Mosi-oa-Tunya aliyense amabwerako ndi chithunzi chabwino, ndipo saphunzirako zambiri. Malo amene mumawadziwa ndiwo amakuphunzitsani kuona kusiyana kwa kuwala, poti china chilichonse chimakhala chomwecho.

Pamene tili pa za malo: nyumba za boma zotetezedwa, makampu a asilikali, mabwalo a ndege ndi milatho ikuluikulu yolonderedwa musalozetseko kamera popanda chilolezo. Pamunda kapena pamudzi wa eni ake, perekani moni ndi kupempha kaye. Mukadzafuna drone, ili ndi malamulo ake a Zambia Civil Aviation Authority.

Za mabatani sizovuta monga zimamvekera. Ikani kamera pa Av, pamene inu mumasankha aperture, kukula kwa kabowo kolowera kuwala m'lenzi (nambala ikakula, kabowo kamachepa). Aperture ikhale pa f/8 kapena f/11, ISO (mlingo wa mmene kamera imakulitsira kuwala) pa 100, ndipo kamera isankhe yokha shutter, nthawi imene kuwala kumalowa. Pa f/8 mpaka f/11 ndi pamene lenzi yanuyo imajambula mwakuthwa kwambiri. Musathamangire f/22 poganiza kuti zonse zidzaoneka bwino. Kabowo kakachepa kwambiri kuwala kumapindika m'mphepete mwake ndipo chithunzi chonse chimafewa. Pa 18mm ndi f/8, mukaika focus pa chinthu chili mamita pafupifupi atatu kuchokera pamene mwaima, zonse kuyambira pafupifupi mita imodzi ndi theka mpaka kumapiri zidzaoneka zakuthwa. Pa 55mm sizitero. Pamenepo ikani focus pa chinthu chenichenicho chimene mukujambula. M'mawa ndi madzulo shutter imatsika mpaka 1/15 ya sekondi kapena sekondi yathunthu, ndipo dzanja la munthu silingagwire kamera osagwedeza. Ndiye ngati pali chogula choyamba, ndi tripod yolimba. Mukaika kamera pa tripod, zimitsani IS (chochepetsa kugwedezeka) palenzi, ndipo gwiritsani ntchito timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Tripod isanapezeke, kathumba ka nyemba kapena ka mpunga koikidwa pamwala kapena padenga la galimoto kamagwira ntchito.

Thambo lanu loyera lija lili ndi chifukwa chachiwiri. Sensa singathe kusunga nthawi imodzi mbali yowala kwambiri ndi yakuda kwambiri monga limachitira diso. Kamera ikaona udzu ndi mitengo yakuda imawonjezera kuwala, ndipo thambo limapserera. Malo opserera alibe kanthu m'kati, ndipo palibe pulogalamu imene ingabwezeretse mtambo umene sunalembedwe. Mbali yakuda, pa ISO 100, imatheka kuidzutsa pambuyo pake. Choncho tetezani thambo. Musakhulupirire kagalasi ka kumbuyo kwa kamera, makamaka padzuwa, yang'anani histogram, kagirafu koonetsa mmene kuwala kwagawikira pachithunzi, kwakuda kumanzere, kowala kumanja. Ngati yaunjikana n'kugunda khoma la kumanja, kapena mbali za thambo zikuphethira poonanso chithunzi, tsitsani exposure compensation (batani lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala) kufika pa -1 n'kujambulanso. Kusiyana kukakhala kwakukulu kwambiri, monga poyang'anana ndi dzuwa, jambulani zitatu pa tripod, chakuda, chapakati ndi chowala, kuti mudzaziphatikize pa kompyuta.

Ndipo kuyambira lero jambulani mu RAW, fayilo yosunga zimene sensa yalemba kamera isanazikonze, osati mu JPEG. JPEG imasunga masitepe 256 okha a kuwala pa mtundu uliwonse mwa itatu ija, yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, ndipo kamera imakhala itasankha kale zotaya. RAW ya 14-bit imasunga masitepe 16,384. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene zithunzi zanu zimaonongekera pafoni: mukakoka JPEG mwamphamvu, thambo limang'ambika m'mizeremizere ndipo mithunzi imadzaza timadontho. Mafayilo a RAW ndi aakulu, ndiye konzekerani memori khadi ina ndi hard drive yosungirako kope lachiwiri.

Fyuluta imodzi yokha ndiyo ndingakuuzeni kuti mugule, circular polariser ya 58mm, yomwe ndi saizi ya lenzi yanu. Imachotsa kunyezimira pamasamba ndi pamadzi, imadetsa thambo, ndipo imachepetsako utsi pang'ono. Ntchito yochotsa kunyezimirayo kompyuta singaichite. Imagwira mwamphamvu dzuwa likakhala kumbali kwanu, osati kutsogolo kapena kumbuyo. Pa 18mm samalani, chifukwa imatha kudetsa chigawo chimodzi cha thambo n'kusiya china chowala. Itembenuzeni pang'ono, osati mpaka pamapeto.

Tsono kukonza. Simukufunika kulipira kalikonse kuti muyambe. Canon imapereka Digital Photo Professional kwaulere kwa eni makamera ake, darktable ndi RawTherapee nazonso n'zaulere, ndipo pafoni Snapseed ndi yokwanira kuphunzirira. Lightroom ndi yabwino ndipo ndi yosavuta kuizolowera, koma imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo sidzakupatsani chimene mapulogalamu enawa angakukanizeni chaka choyamba. Chofunika ndi dongosolo la kagwiridwe, ndi kudziwa polekezera.

Yambani ndi kuwongola. Madzi a Kariba kapena a Kafue opendekeka, ngakhale digiri imodzi, diso limaona msanga. Dulani m'mphepete zimene zikusokoneza, monga nthambi yongolowerera kapena waya wa magetsi. Kenako white balance, chokonzera kutentha kapena kuzizira kwa mitundu: kamera ikakhala pa auto imakonda kuziziritsa kuwala kwa m'mawa ndi kwa madzulo, n'kuchotsa kufiirira komwe munadzukira m'mamawa kukafuna, ndiye bwezerani kufika pamene mukukumbukira. Mukatero konzani exposure (kuwala) ya chithunzi chonse, tsitsani highlights (mbali zowala) mpaka mitambo ioneke, kwezani shadows (mithunzi) pang'ono. Ndikuti pang'ono. Mithunzi ikadzutsidwa yonse, mwabwezera ndi manja anu kuphwatalala kuja kwa masana. Chithunzi chabwino chimafuna penapake pakuda ndithu ndi penapake powala ndithu, ndipo whites ndi blacks ndizo zimakhazikitsa malire amenewo.

Mitundu yabodza imene mukudandaula nayo imachokera pa zinthu zitatu: saturation (yokuza mitundu), dehaze (yochotsa kutuwa) ndi clarity (yolimbitsa maonekedwe a zinthu), zikakokedwa pachithunzi chonse. Dehaze imanyenga kwambiri kuno chifukwa imaoneka ngati mankhwala a utsi wathu. Mukaikweza kwambiri, thambo limasanduka labuluu wakuda amene sanaonekepo pa Lusaka, m'mphepete mwa mapiri mumatuluka kamzere kowala, ndipo timadontho tonse ta fumbi la pa sensa timaonekera. Choipa koposa n'chakuti imapha kutalika kwa malo, poti kutuwa kwa phiri lakutali ndiko kumauza woona kuti lili kutali. Ngati mukuigwiritsa ntchito, ipakeni ndi mask (chosankhira chigawo chimodzi cha chithunzi) paphiri lapakati pokha, ndipo lakutali lisiyeni lituwe. Saturation isiyeni pa ziro. Ngati mtundu wina ukufooka, ukonzeni paokha mu HSL, gawo la pulogalamu lokonzera mtundu umodziumodzi. Udzu wathu wa dzinja ndi wobiriwira mopita kuchikasu, dothi lathu ndi lofiirira, ndipo masamba a miombo a mu Seputembala ndi ofiira kale. Munthu wokulira kuno amazindikira nthawi yomweyo mitundu imeneyi ikanamizidwa, ngakhale sadziwa dzina la batani limene mwakoka. N'chifukwa chakenso ma preset (makonzedwe opangidwiratu) ogula kapena otsitsa pa intaneti sindiwalimbikitsa: ambiri anapangidwira nkhalango ndi kuwala kwa maiko ena, ndipo amasandutsa udzu wathu kukhala wotuwa kapena wa olenji.

Ntchito yeniyeni ya kukonza ili m'zigawo. Tsitsani kuwala kwa thambo lokha ndi gradient (mask yozirala pang'onopang'ono), walitsani pang'ono pamene mukufuna kuti diso lifikire, detsani pang'ono ngodya imene ikukoka diso pachabe. Zosintha zing'onozing'ono zingapo zoterezi zimaposa batani limodzi lokokedwa mpaka kumapeto. Mukamaliza, chisiyeni chithunzicho, mukachionenso mawa. Diso limazolowera mitundu yonyanya m'mphindi zochepa, ndipo mawa lake mudzapeza kuti zambiri muyenera kuzibweza ndi theka. Musakonzere padzuwa kapena foni itawalitsidwa mpaka kumapeto, chifukwa chithunzicho chidzatuluka chakuda pa zipangizo za anthu ena.

Sharpening, yothwetsa chithunzi, ibwere pomaliza, ndipo isakhudze thambo. Potulutsa chithunzi cha pa intaneti sankhani JPEG, sRGB, mbali yaitali mapikiselo 2048. WhatsApp imafinya zithunzi. Ngati mukutumizira munthu woti akasindikize, tumizani ngati document. Za fumbi la pa sensa, limene m'chilimwe simungalipewe: jambulani thambo loyera pa f/16 kuti muone pamene lili, lipemereni ndi kapampu ka mphira kamera itayang'ana pansi, osati ndi pakamwa, ndipo musasinthe lenzi pamphepo m'mbali mwa msewu wafumbi.

Zithunzi zanu za mu Seputembala musazifufute. Zimene thambo lake linapserera, dulani thambolo muone chotsala. Zina yesani kuzisandutsa zakuda ndi zoyera, chifukwa kuwala kowawa kwa masana ndi mapiri osanjikana nthawi zina zimakhala bwino mitundu ikachoka. Zotsalazo zikhale zoyerekezera mukadzabwerera pamalo omwewo mu Epulo nthawi ya 17:30.

Ikadzafika nthawi yogula lenzi yachiwiri, yang'anani kaye zithunzi zanu zimene mumazikonda muone kuti munazijambula pa mamilimita angati, poti fayilo iliyonse imasunga nambalayo. Ngati zambiri zili pa 18mm ndipo mumamva kuti malo akukucheperani, gulani EF-S 10-18mm. Koma kwa wojambula madera ozungulira Lusaka, kumene zokongola zambiri zili patali ndipo n'zazifupi, ndikuganiza kuti mudzapeza zambiri zili pa 55mm, ndipo lenzi yokuyenerani idzakhala EF-S 55-250mm. Imapezeka yogwiritsidwapo kale ntchito pamtengo wotsikirapo, ndipo polariser yanu ya 58mm idzakwananso pamenepo.